Ezra Jack Keats, munthu amene anasunga zithunzi za kamwana kwa zaka 22

Mwezi uno gawo la mbiri lagwera ine, ndipo ndasankha munthu amene mwina ambiri simunamumvepo. Ntchito yake inali yolemba ndi kujambula timabuku ta ana, tija todzaza zithunzi koma mawu ochepa. Musathawe kaye poganiza kuti ndi za ana a mkaka. Werengani mpaka kumunsi, kenako tidzakangane Loweruka.

Dzina lake ndi Ezra Jack Keats, ngakhale silinali lobadwa nalo. Anabadwa pa 11 Malichi 1916 ku Brooklyn, mumzinda wa New York ku America, ndipo makolo ake anamutcha Jacob Ezra Katz. Makolowo anali Ayuda ochokera ku Poland, osaukitsitsa. Bambo ake, a Benjamin Katz, ankagwira ntchito yoperekera zakudya pa kamalo kena kodyera. Mnyamatayu anayamba kujambula ali wamng'ono kwambiri, moti ali ndi zaka 8 anthu a sitolo ina anamulipira masenti 25 atawalembera chikwangwani.

Koma bambo aja sankafuna kumva zoti mwana wawo adzakhale wojambula. Sikuti anali ankhanza ayi, ankaopa njala. Inu amene munauzapo makolo anu kuti mukufuna kudzakhala oimba kapena ojambula mukuidziwa nkhope imene amakupatsani ija, eti? Chodabwitsa n'chakuti bambo omwewo nthawi zina ankabwera kunyumba ndi timachubu ta penti. Keats ankafotokoza atakula kuti pomupatsa pentiyo ankamuuza kuti aipeza kwa wojambula wina wanjala amene wasinthanitsa ndi mbale ya supu. Ndiye kuti mphatso ndi chenjezo zinkabwera pamodzi: penti ndi ameneyu, koma taona mmene eni ake a luso limeneli akuvutikira.

Mu Januwale 1935, kutatsala pang'ono kuti Ezra alandire mendulo ya luso lojambula pa mwambo wotsanzikana ku sekondale, bambo ake anagwa mumsewu ndi matenda a mtima n'kumwalira. Iye ndi amene anaitanidwa kukazindikira thupi. Atatsegula kachikwama ka bambo akewo, anapeza timapepala takale todulidwa m'nyuzipepala, tonse tonena za mipikisano yojambula imene mwana wawo anapambana. Munthu amene pakamwa ankaletsa uja, m'thumba ankayenda ndi umboni wa luso la mwana wake. Ezra anazidziwa zimenezi mwini wake atapita kale, ali ndi zaka 18.

Anapeza mwayi wa maphunziro aulere ku sukulu za luso, koma sanapiteko chifukwa banja linkafunika ndalama, komanso nthawi imeneyo chuma cha America chinali chitagwa koopsa. Anagwira ntchito yojambula pa makoma pansi pa ndondomeko ya boma yolemba anthu osowa ntchito, kenako anajambulako m'timabuku ta nthabwala ta Captain Marvel. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse analowa usilikali, komwe ankakonza mawanga obisira zida ndi asilikali. Nkhondo itatha, mu 1947, anasintha dzina kuchoka pa Katz kukhala Keats. Dzina lachiyuda linkatsekereza munthu ntchito masiku amenewo. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa munthu uyu ankadziwa kupweteka kwa kukanidwa chifukwa cha mtundu wako.

Tsopano tibwerere pang'ono ku 1940. M'mwezi wa Meyi chaka chimenecho, magazini ya Life inatulutsa zithunzi zinayi za kamnyamata kakuda ka ku Georgia, kamene azaumoyo ankafuna kukatenga magazi poyeza malungo. Inde, malungo omwewa. Kumwera kwa America analiko nthawi imeneyo. Keats anadula zithunzizo n'kuzisunga. Ankasamuka nazo nyumba ndi nyumba, kuzipachika pakhoma la chipinda chake chojambulira. Kuyambira mu 1954 anayamba kujambula zithunzi za m'mabuku a ana olembedwa ndi anthu ena, ndipo anaona chinthu chimodzi chimene chinkamuvuta: mwa ana onse amene ankauzidwa kuti ajambule pakati pa nkhani munalibe wakuda. Mwana wakuda akapezeka, ankakhala chakumbuyo uko ngati wongodzazitsa malo. Pamene kunja kwa zenera lake ku New York ana a mitundu yonse ankasewera mumsewu umodzi.

Mu 1962 (Malawi anali asanalandire n'komwe ufulu) anatulutsa buku limene analemba yekha n'kujambula yekha, lotchedwa The Snowy Day. Kamnyamata ka pa zithunzi zija ndi kamene kanabala Peter, mwini nkhani.

Nkhani yake ndi yophweka moti mukhoza kuseka. Peter akudzuka m'mawa n'kupeza kuti usiku kwagwa chipale chofewa, chija chimagwa ngati ufa woyera m'maiko ozizira. Akuvala chovala chake chofiira chokhala ndi kachipewa kosongoka n'kutuluka panja. Akuyenda uku akuyang'ana mapazi amene akusiya m'mbuyo. Akutola kamtengo, akumenya nako nthambi, chipale n'kumugwera pamutu. Akufuna kulowa nawo masewera a anyamata akuluakulu ogendana ndi mibulu ya chipale, koma akuona kuti sanafikepo msinkhu. Pobwerera kunyumba akuumba kambulu kamodzi n'kukaika m'thumba kuti adzaseweretse mawa. Asanagone akupisa m'thumba muja, mulibe kanthu, kasungunuka. Amene munatolapo matalala muli ana n'kuwabisa m'kapu kuti mudzawaonetse agogo madzulo, chisoni cha Peter mukuchidziwa bwino. M'mawa mwake chipale china chikugwa, ndipo akuitana mnzake woyandikana naye kuti apite limodzi panja. Basi, buku lathera pomwepo.

Ngakhale kajambulidwe kake kanali kachilendo. M'malo modalira penti yekha, Keats ankadula mapepala a maluwamaluwa ndi tizidutswa ta nsalu n'kumata. Diresi ya mayi ake a Peter anaipanga ndi nsalu yapulasitiki yoyala m'makabati. Timadontho tina ankapanga pomwaza inki ndi mswachi. Chipale chakecho sichoyera mbee ayi, muli pinki, muli buluu, monga mmene chimaonekera dzuwa likachiwomba. Zipangizo zotere n'zoti ngakhale ife tikhoza kuzitola kwa atelala pa msika.

Mu 1963 bukuli linapata mendulo ya Caldecott, mphoto yaikulu kwambiri ya mabuku a ana a zithunzi ku America. Kuti mumvetse kulemera kwake, kumbukirani nyengo yake. Mu 1960, mtsikana wa zaka 6 dzina lake Ruby Bridges ankachita kuperekezedwa ndi apolisi a boma kuti alowe sukulu ya azungu ku New Orleans, anthu akuluakulu akumukuwiza panja. Mu Ogasiti 1963 ndi pamene Martin Luther King analankhula pa chionetsero chachikulu cha ku Washington. Mkati mwa mkokomo wonsewo, m'malaibulale ndi m'makalasi munalowa buku la mwana wakuda amene sakulira, sakuthamangitsidwa, sakuphunzitsa munthu aliyense phunziro. Akungosewera. Bukuli silitchula n'komwe khungu lake.

Si onse anasangalala. Mu 1965 mayi wina wodziwa za maphunziro, Nancy Larrick, analemba nkhani m'magazini ya Saturday Review yoonetsa kuti mwa mabuku a ana 5,206 amene anatuluka pakati pa 1962 ndi 1964, 349 okha ndi amene munali munthu wakuda ngakhale mmodzi. M'nkhani yomweyo anadzudzula Keats kuti mayi ake a Peter anawajambula onenepa, ovala diresi yowala, mofanana ndi zithunzi zakale zonyoza azimayi akuda ogwira ntchito m'nyumba za azungu. Ena pambuyo pake ankati Peter ndi mwana wachizungu wongopakidwa utoto, chifukwa mulibe chilichonse cha chikhalidwe cha anthu akuda m'moyo wake. Ena atamva kuti wolembayo ndi mzungu anakhumudwa. Komabe mlakatuli wotchuka wakuda, Langston Hughes, anamulembera kalata yoyamikira bukulo.

Ine maganizo anga ndi awa, ndipo mukhoza kunditsutsa. Zoti mayi wonenepa ndi chipongwe sindikuzimva. Theka la azimayi amene anatilera ndi otero, ndipo m'bukumo mayiyo akuvula mwana wake masokosi onyowa mwachikondi. Koma funso lakuti n'chifukwa chiyani zinatengera mzungu kuti mwana wakuda afike pa mendulo imeneyi ndi lolemera, ndipo mlandu wake suli pa Keats, uli pa makampani osindikiza mabuku amene ankatsekera kunja ojambula akuda. Tangoonani: wojambula wakuda woyamba kupata Caldecott anali Leo Dillon, pamodzi ndi mkazi wake Diane, mu 1976, patatha zaka 13. Kuti wakuda aipate payekha zinafika mpaka 2010, pamene anaipata Jerry Pinkney.

Keats sanamusiye Peter. Anamukulitsa m'mabuku ena: mu Whistle for Willie (1964) akuphunzira kuimba likhweru kuti aitane galu wake, mu Peter's Chair (1967) akuchita nsanje ndi kamlongo kake kakhanda kamene kakulandira zinthu zake zakale, ndipo mu Goggles! (1969) iye ndi mnzake Archie akuthawa anyamata ovutitsa anzawo. Misewu ya m'mabukuwa ndi ya anthu osauka, ya makoma olembalemba ndi zinyalala, ngati imene iye anakuliramo.

Anamwalira pa 6 Meyi 1983 ndi matenda a mtima, ngati bambo ake, ali ndi zaka 67. Sanakwatire ndipo analibe mwana. Ndalama za mabuku ake zimapita ku bungwe lotchedwa ndi dzina lake, limene limapereka mphoto kwa olemba ndi ojambula atsopano a mabuku a ana. Mu 2020, laibulale yaikulu ya mzinda wa New York pokwanitsa zaka 125 inawerengera buku limene anthu abwereka kwambiri chiyambire. The Cat in the Hat la Dr. Seuss linakhala lachiwiri. Loyamba linali The Snowy Day, lomwe linabwerekedwa ka 485,583.