Maphunziro a Luso la Zojambula ndi Zosema ku KuNgoni

KuNgoni ndi malo ophunzitsira luso la manja ndi kusungirako chikhalidwe, omwe ali pa mishoni ya Mua m'boma la Dedza, pafupi ndi Mtakataka, kuchigwa cha kummwera kwa nyanja ya Malawi. Mishoniyi idayamba mu 1902, koma malo aluso adatsegulidwa mu 1976 ndi Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada wa chipani cha White Fathers, amene anthu akumeneko adamupatsa mfunda wa Chisale.

Luso lalikulu pamalopa ndi kusema. Wophunzira amayamba ndi kudziwa mtengo: kuuma kwake, kumene mizere yake yaloza, ndi pamene ungang'ambike. Akatero amagwira kasemasema kuchotsa zikuluzikulu, kenaka tchizulo ndi mpeni potulutsa nkhope ndi zala, n'kumaliza ndi kukwecha. Maso a wophunzira amakhala pa dzanja la mmisiri wamkulu, pakuti zambiri sizilembedwa pabolodi. Palinso kujambula ndi utoto, pansalu ndi pazipupa.

Nyumba yosungiramo zakale ya Chamare, yomwe ili pomwepo, imafotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, ndipo muli zigoba za gule wamkulu mazanamazana. Amisiri amatapamo maganizo, n'chifukwa chake zosema za m'tchalitchi zochokera ku Mua zimakhala ndi nkhope ndi zovala za kuno.

Wofuna digiri ya zaluso amapita ku Zomba, ku Yunivesite ya Malawi, kumene luso la zojambula limaphunzitsidwa pambali pa nyimbo ndi zisudzo.