Malire a liwiro pa msewu wa N7 (Moatize–Zóbuè)

Msewu wa N7 umadutsa ku Tete ndi ku Moatize kwa migodi ya malasha, n'kukathera ku Zóbuè, polowera ku Mwanza m'Malawi. Malamulo a pamsewu a ku Mozambique a 2011 amalola galimoto yaing'ono kuthamanga makilomita 60 pa ola m'matauni ndi 120 kunja kwa tauni.

Poika malire a liwiro, mwachizolowezi liwiro limayezedwa pamalo amodzi m'mbali mwa msewu. Koma GPS ya m'mathiraki ndi mafoni a madalaivala ingasonyeze mtunda wonse: pothamangitsa, ndi pogwira mabuleki mwadzidzidzi. Vuto lake n'lakuti siiona apanjinga, ana asukulu kapena amayi ogulitsa malonda pachipata cholowera m'Malawi, choncho malire otengera iyo yokha amakondera woyendetsa.