Makolo a Ntchenzi

Anthu a ku Makwasa amaidziwa bwino ntchenzi. Imakhala m'mabango ndi m'tsekera, m'mphepete mwa timitsinje totsika pakati pa minda ya tiyi, ndipo usiku imatuluka kukadula chimanga ndi nzimbe. Mlimi amaitemberera, koma mlenje amaiyamika, pakuti nyama yake ndi ndiwo yokoma. Komatu ndi owerengeka amene adziwa kuti fuko la nyama imeneyi ndi lakalekale, loposa la munthu.

Ntchenzi ndi mbale wa mbewa, khoswe, gologolo ndi nungu. Zonsezi zili ndi mano anayi akutsogolo amene saleka kukula, ndipo zimawafupikitsa pokukuta zinthu zolimba. Dzino ndilo lolimba koposa m'thupi la nyama. Mnofu uola, mafupa afumbutuka, koma dzino likakwiririka m'matope likhoza kukhala zaka zosawerengeka, kufikira litasanduka mwala. Chifukwa chake mbiri ya tinyama totere yalembedwa m'mano.

M'chaka cha 1911 nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku London inatuma Felix Oswald ku Karungu, m'mbali mwa nyanja ya Victoria, m'dziko la Kenya. Iye anakumba m'zigwembe, natumiza kwawo mafupa osanduka miyala. M'chaka cha 1914 katswiri wina, Charles Andrews, atayesa mafupawo, anapezamo zotsala za kanyama kamene sikapezekanso pa dziko lapansi. Anakatcha Paraphiomys, ndiko kunena kuti kofanana ndi Phiomys, kanyama kena kakale koposa kamene mafupa ake anapezeka ku Fayum, m'dziko la Egypt.

Pambuyo pake mano ndi nsagwada zambiri za Paraphiomys zinapezeka pa chilumba cha Rusinga, m'nyanja yomweyo, ndiponso kutali ku Namibia. Akatswiri poyerekeza mizere ya pa mano ake otafunira ndi ya ntchenzi, anaona kuti nyama ziwirizi n'za banja limodzi. Miyala ya ku Rusinga isonyeza kuti kanyamaka kanali ndi moyo zaka ngati 18 miliyoni zapitazo, munthu asanaoneke. Masiku amenewo banjali linali ndi mitundu yambiri. Lero yatsala iwiri yokha, ntchenzi yaikulu ndi yaing'ono. Ina yonse inatha psiti.

Wina angafunse kuti, nanga bwanji mafupa otere sapezeka ku Makwasa, kumene ntchenzi zilipo? Yankho lili m'nthaka. Tiyi amakonda dothi lofiira lokhala ndi asidi, ndi mvula yambiri. Koma dothi lotere limadya mafupa msanga. Ndiponso dziko la Thyolo ndi lamapiri, kumene madzi amakokolola dothi m'malo moliunjika. Tsono nthaka imene imalemeretsa tiyi ndi yomweyo imene inafafaniza mbiri ya nyama zake. Fupa limasungika kumene mtsinje kapena nyanja ilikwirira msanga ndi mchenga ndi matope.

Malo otere alipo m'Malawi muno, makamaka m'boma la Karonga. Kumeneko kunapezeka mafupa a chinyama chachikulu chokwawa chimene m'chaka cha 1993 chinatchedwa Malawisaurus. Ku Uraha, m'boma lomwelo, m'chaka cha 1991 kunatoledwa nsagwada ya munthu wamakedzana, ya zaka zoposa 2 miliyoni. Zazikulu zotere zimaoneka msanga, koma dzino la kanyama ndi laling'ono ngati njere ya mapira. Ofufuza amachita kusefa mchenga monga mayi asefa ufa, ndipo pena tsiku lonse limatha osapeza kanthu.

Anthu a ku Thyolo amayenda kutali kukagwira ntchito ya misewu, zitsime ndi migodi. Munthu wotere akakumana ndi fupa lolemera ngati mwala, asaliswe, asaligulitse, ndipo asalichotse pamalo pake, pakuti dothi lolizinga ndilo limauza akatswiri zaka zake. Fupa lochotsedwa lili ngati kalata yopanda dzina la mwini. Iye auze amfumu, ndipo iwo atumize mawu kwa akuluakulu a nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri mu Blantyre, kapena ya ku Karonga. Dzino limodzi lotayidwa ndi fosholo silingabwezedwenso.