Mwana wa ku komboni akafuna kukhala loya: njira yake, anzake omuthandiza ndi ntchito zimene zilipo

Zotsatira za Giledi 12 zikatuluka, makolo a ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George amatifunsa funso limodzi kawirikawiri: mwana wathu akufuna kuphunzira zamalamulo, kodi tiyambire pati? Funsoli ndi lolemera, pakuti banja limene likulipirira maphunziro amenewa nthawi zambiri limadalira msika, ntchito yaulonda kapena lendi ya kachipinda kamodzi. Likalakwitsa njira, ndalama za zaka zinayi kapena zisanu zimalowa m'madzi. Talemba nkhaniyi kuti makolo ndi ophunzira akhale nayo pafupi. Ikufotokoza masitepe a maphunziro, mmene ophunzira angathandizirane okhaokha, ndi ntchito zimene munthu angagwire akamaliza.

Masitepe atatu a njirayi

Sitepe yoyamba ndi digiri ya zamalamulo, imene imatchedwa LLB, ndipo kawirikawiri imatenga zaka zinayi. Sukulu yakale koposa ndi ya pa University of Zambia, pa msewu wa Great East, pafupi penipeni ndi Kalingalinga. Yunivesiteyi inatsegulidwa mu 1966, ndipo sukulu yake ya zamalamulo inayamba mu 1967. Masiku ano maphunzirowa aliponso pa University of Lusaka, Cavendish University Zambia, Zambian Open University ndi pa Mulungushi University ku Kabwe. Wofuna kulowa amafunika makirediti osachepera asanu, limodzi likhale la Chingerezi. Musanalipire ngwee ngakhale imodzi, fufuzani ngati sukuluyo ndi maphunziro ake n'zovomerezeka ndi Higher Education Authority. Ophunzira a m'mayunivesite a boma angathe kupempha ngongole ya maphunziro ku Higher Education Loans and Scholarships Board. Imeneyi ndi ngongole ndithu, imabwezedwa munthu akayamba ntchito.

Sitepe yachiwiri ndi imene mabanja ambiri saidziwa. Digiri payokha siimpatsa munthu chilolezo choimirira mnzake m'khoti ngati loya. Ayenera kupita ku Zambia Institute of Advanced Legal Education, imene tonse timangoti ZIALE. Inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1996, m'malo mwa sukulu yakale ya Law Practice Institute. Kumeneko amaphunzira ntchito yeniyeni ya loya: kayendetsedwe ka milandu m'makhoti, kulemba zikalata zogulitsira nyumba ndi malo, za chuma cha masiye, za makampani, kusunga mabuku a ndalama ndi khalidwe loyenera loya. Pa nthawi yomweyo wophunzira amagwira ntchito pansi pa loya wodziwa kale. Mayeso a ku ZIALE ndi otchuka chifukwa cha kuvuta kwake. Zaka zina opambana pa ulendo woyamba sanakwane ngakhale mmodzi pa ophunzira khumi alionse, ndipo maloya ambiri abwino anachita kubwereza. Banja likamawerengera ndalama liikiretu padera za chaka cha ZIALE ndi za kubwereza.

Sitepe yachitatu ndi kulandiridwa. Wopambana amalumbira pamaso pa Chief Justice, dzina lake n'kulembedwa m'kaundula wa maloya. Amalowa m'bungwe la Law Association of Zambia, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1973, ndipo chaka ndi chaka amatenga chikalata chomulola kugwira ntchito. Munthu amene amadzitcha loya, n'kumalandira ndalama za anthu asanalandiridwe, akuphwanya lamulo.

Chimene mwana wa ku komboni amasowa

Nzeru anazo. Chimene amasowa ndi munthu wa pakhomo amene anayendapo njirayi. Mnzake wa ku Kabulonga angakhale ndi amalume a loya amene amamuuza buku loti agule, mphunzitsi woti amufunse, ndi ofesi imene ikufuna wophunzira pa holide. Wa ku George amafunika kukwera minibasi ziwiri, imodzi kufika m'tauni, ina kupita ku sukulu. Wa ku Kanyama, mvula ikagwa, amadutsa m'madzi atanyamula nsapato ndi mabuku m'pepala la pulasitiki. Magetsi akazima, kuwerenga kwa usiku kumathera pa tochi ya foni. Zonsezi munthu amapirira. Chimene chimagwetsa ambiri ndi kusadziwa zinthu zing'onozing'ono pa nthawi yake: tsiku lomaliza lolembetsa, kayankhidwe ka mafunso a mayeso, kavalidwe ka m'khoti, ndi mmene amalembera kalata yopempha malo.

Zinthu zimenezi amazidziwa bwino ndi wophunzira amene ali patsogolo ndi chaka chimodzi kapena ziwiri. Iye akukumbukirabe pamene anapunthwa, ndipo wamng'ono sachita naye manyazi monga angachitire ndi mphunzitsi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kuthandizana kwa ophunzira okhaokha ndi njira yoti wosadziwa akhale ndi womufunsa.

Mmene gulu lothandizana lingayendere

Tikulangiza kuti gulu likhale laling'ono, la anthu anayi kufikira asanu ndi mmodzi, ndi mtsogoleri wa kalasi lapamwamba. Azikumana kamodzi pa mlungu, tsiku ndi nthawi zosasintha, pamalo oyandikira kwa onse. Makalasi a sukulu ndi zipinda za matchalitchi ambiri m'makomboni zimakhala zopanda anthu pakati pa mlungu, ndipo kupempha sikuba.

Ntchito yaikulu ya gulu ndi kuwerenga zigamulo za makhoti. Aliyense atenge mlandu umodzi, afotokozere anzake zimene zinachitika, funso la lamulo limene khoti linayankha, chigamulo chake ndi chifukwa chake. Mtsogoleri azifunsa mafunso kufikira wofotokozayo atasiya kuloweza n'kuyamba kumvetsa. Mabuku a zamalamulo ndi odula, koma zigamulo zambiri za makhoti akuluakulu ndi malamulo a dziko zimapezeka mwaulere pa intaneti, pa tsamba la ZambiaLII ndi la Nyumba ya Malamulo. Mmodzi akapeza intaneti, akopere anzake onse.

Ntchito yachiwiri ndi kulemba mayankho a mafunso a mayeso akale, wotchi ili patebulo, kenaka n'kusinthana mapepala. Ambiri amalephera chifukwa nthawi inawathera, lamulo akulidziwa.

Yachitatu ndi kupita ku khoti. Milandu yambiri imazengedwa poyera, ndipo aliyense wovala bwino ndi wokhala chete angathe kumvetsera. Tsiku limodzi ku khoti la majisitireti m'tauni limaphunzitsa zimene buku silinena. Pitaninso ku makhoti a Local Court ku Matero, Chawama kapena Kanyama, kumene anthu amadzilankhulira okha m'chinenero chawo pa nkhani za ukwati, chisudzulo ndi ngongole. Kumeneko mudzamva mavuto enieni a anthu amene mudzawatumikire.

Yachinayi ndi kuyeserera milandu. Awiri aimire wodandaula, awiri woyankha, mmodzi akhale woweruza. Pa University of Zambia pali bungwe la ophunzira zamalamulo la UNZALAW, ndipo mayunivesite a mu Africa amapikisana chaka ndi chaka pa mpikisano wa milandu yoyeserera ya ufulu wa anthu umene umakonzedwa ndi University of Pretoria. Wophunzira amene anazolowera kuima pamaso pa anzake sanjenjemera tsiku limene adzaima pamaso pa jaji.

Malire oyenera kusungidwa

Mtsogoleri salembera mnzake ntchito ya kalasi, ndipo gulu siligula kapena kugawana mayeso obedwa. Mlandu wotere ungatsekere munthu khomo la uloya, pakuti wofuna kulandiridwa amafunika kukhala wa mbiri yabwino. Thandizo la m'gulu ndi laulere. Aliyense amene akufuna ndalama kapena chibwenzi kuti akupezereni malo a ntchito kapena mamakisi, muchokereni ndipo mukanene kwa akuluakulu a sukulu. Atsikana makamaka asakumane ndi wowathandiza m'nyumba kapena m'galimoto ali okha.

Palinso msampha wina wa kwathu kuno. Mwana akangolowa chaka choyamba, anansi amayamba kumutcha “a loya” ndi kumubweretsera nkhani za mapuloti ndi za apolisi. Wophunzira angathe kufotokoza zimene lamulo limanena ndi kulozera munthu ku ofesi yoyenera, koma asalandire ndalama, asalonjeze kuti mlandu upambana, ndipo asaulule zinsinsi zimene wamva.

Ntchito za amene alandiridwa kukhala maloya

Ambiri amayamba m'maofesi a maloya, pansi pa loya wamkulu, ndipo pakapita zaka amatsegula awoawo. Ena amalowa m'boma: ku ofesi ya Attorney General mu Unduna wa Zachilungamo, kumene amaimira boma ndi kulemba malamulo atsopano, ku National Prosecution Authority, imene imazenga milandu yaupandu, kapena ku Legal Aid Board, imene imaimira anthu osakwanitsa kulipira loya. M'makhoti muli ntchito ya umajisitireti ndi yofufuzira majaji. Kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2016 kunabweretsa makhoti awiri atsopano, Court of Appeal ndi Constitutional Court. Mabanki, migodi, makampani a inshuwalansi ndi makhonsolo nawonso amalemba maloya awoawo.

Ntchito za amene ali ndi digiri yokha

Apa tikupempha makolo kumvetsera bwino. Mwana akalephera ku ZIALE, kapena ndalama zopitira kumeneko zikasowa, maphunziro ake sanawonongeke. Lamulo la Legal Aid Act la mu 2021 limavomereza anthu othandiza pa zamalamulo amene si maloya, kuphatikizapo a digiri ndi maparaligo, malinga akhale olembetsedwa ndi Legal Aid Board. Maphunziro a uparaligo ali m'magawo atatu pansi pa TEVETA, ndipo ndi afupi ndi otsika mtengo kuposa digiri. Wachinyamata amene sanapeze malo pa yunivesite angayambire pamenepo.

Mabungwe monga National Legal Aid Clinic for Women, limene linayamba mu 1990, Legal Resources Foundation, Women and Law in Southern Africa ndi Caritas Zambia akhala akugwira ntchito yothandiza anthu wamba pa zamalamulo. Odziwa malamulo amafunikanso ku Human Rights Commission, Anti-Corruption Commission, Zambia Revenue Authority, PACRA ndi Zambia Law Development Commission, komanso m'maofesi oona za antchito m'makampani, m'nyuzipepala ndi m'masukulu. Malo ndi ochepa poyerekeza ndi omaliza maphunziro, n'chifukwa chake wophunzira ayambe kudzipereka pa holide adakali m'chaka chachiwiri. Gulu lothandizana lizisunga mndandanda wa malo amene mamembala ake anagwirapo ntchito, ndipo wochoka azitchula dzina la mnzake wodalirika.

Chifukwa chake makomboni akufuna ana amenewa

Mayi wamasiye wa ku Mtendere amene abale a mwamuna akumulanda katundu angakhale sakudziwa kuti lamulo la Intestate Succession Act la mu 1989 linagawa kale chuma cha munthu womwalira osalemba wilo: magawo 50 pa 100 ndi a ana, 20 a mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 a makolo, ndipo 10 a ena amene ankadalira malemuyo. Mlonda kapena wantchito wa m'nyumba wochotsedwa popanda malipiro ali ndi lamulo la Employment Code Act la mu 2019. Mkazi womenyedwa ali ndi Anti-Gender-Based Violence Act ya mu 2011, ndipo mwana ali ndi Children's Code Act ya mu 2022. Nyumba zambiri m'makomboni ovomerezeka zili pa chilolezo cha khonsolo cha zaka 30, ndipo mikangano ya mapuloti siitha. Anthu ena amalipirabe kuti m'bale wawo atuluke pa bondi ya apolisi, pamene bondiyo ndi yaulere. Malamulo onsewa analembedwa m'Chingerezi. Pamafunika munthu wowafotokoza m'Chinyanja, amene akudziwa njira za m'komboni ndi mmene anthu ake amalankhulira.

Amene anatsogola

Sukulu ya zamalamulo ya pa University of Zambia yatulutsa apulezidenti awiri: Levy Mwanawasa, amene analamulira kuyambira 2002 kufikira 2008, ndi Edgar Lungu, amene anasankhidwa kukhala phungu wa Chawama mu 2011 asanakhale pulezidenti mu 2015. Irene Mambilima anaphunzira pomwepo, ndipo mu 2015 anakhala mayi woyamba kukhala Chief Justice. Florence Mumba anakaweruza milandu ya nkhondo ya ku Yugoslavia pa khoti la mayiko onse ku The Hague. Mu 2016 Linda Kasonde anakhala mayi woyamba kutsogolera Law Association of Zambia. Atsikana athu azidziwa mayina amenewa.

Mawu kwa aliyense

Inu makolo, funsani mwana wanu ngati ali ndi wophunzira wamkulu womuthandiza, ndipo mumpatse maola owerengera ngakhale ntchito zapakhomo zichuluke. Akalephera mayeso musamutonze pamaso pa anansi. Inu a chaka choyamba, musadikire kuitanidwa. Pitani kwa wa chaka chachitatu wa kudera kwanu, mumupemphe ola limodzi pa mlungu. Inu amene mwamaliza digiri kapena mwadutsa ku ZIALE, manotsi anu asadyedwe ndi chiswe m'katoni. Apatseni wina, ndipo mukhale naye pansi mumuuze pamene inu munagwa. Ndipo inu maloya amene munakulira ku Matero kapena ku Chawama, holide ikubwerayi tengani wophunzira mmodzi wa kwanu, mumpatse tebulo, mafayilo ndi ndalama ya minibasi.