Momwe boma la America limathandizira alimi ogwa m'ngozi: chitsanzo cha Henderson County

Namondwe Helene atafika kumadzulo kwa chigawo cha North Carolina m'dziko la America pa 27 September 2024, alimi a maapozi a ku Henderson County anali pakalikiliki wothyola zipatso. Derali, lomwe kukula kwake tingakuyerekeze ndi boma limodzi la kuno kwathu, ndilo limalima gawo lalikulu la maapozi a m'chigawochi. Mitsinje monga French Broad idasefukira, madzi adazula mitengo, adagwetsa mipanda ndi kusiya mchenga ndi miyala m'minda.

Mlimi wogwa m'ngozi yotere amayambira ku ofesi ya Farm Service Agency, nthambi ya unduna wa zamalimidwe yomwe ili ndi maofesi m'madera akumidzi. Ofesi iliyonse imagwira ntchito ndi komiti yosankhidwa ndi alimi eni ake. Kumeneko mlimi amakapereka lipoti la zomwe zawonongeka, ndipo amafunika umboni: zithunzi, malisiti ndi kaundula wa ziweto kapena mitengo yake.

Thandizo lake lili m'magawo angapo. Ndondomeko ya Emergency Conservation Program imalipira mpaka K75 pa K100 iliyonse yomwe mlimi wagwiritsa ntchito pochotsa zinyalala, kusalaza munda ndi kumanganso mipanda. Kwa alimi ongoyamba kumene ndi osauka, gawoli limafika pa K90. Apa ndipo pagona vuto. Nthawi zambiri mlimi amayenera kuyamba wagwira ntchitoyo ndi ndalama zake, boma n'kudzamubwezera pambuyo pake. Yemwe zokolola zake zapita ndi madzi amakhala alibe poyambira, ndipo akathamangira kukonza munda asanalandire chilolezo akhoza kutaya mwayi wobwezeredwa.

Kwa alimi a zipatso kuli Tree Assistance Program. Pa nthawi ya Helene, ndondomekoyi inkabweza K65 pa K100 iliyonse yogulira ndi kubzala mitengo ina, koma pokhapokha mitengo yofa itapitirira 15 pa 100 iliyonse. Ndalamayi ndi yobzalanso kapena kukonzanso mitengo basi. Siwerengera zaka zomwe mlimi adzakhale osagulitsa kanthu podikira kuti mtengo wa apozi uyambe kubala. Woweta ziweto amalandira chipepeso cha magawo atatu mwa anayi a mtengo wa chiweto chomwe chafa, ndipo kulinso ngongole zapadera zosapitirira madola 500 000.

Ndalama zambiri zimachokera ku nyumba ya malamulo ya Congress, ndipo izi ndizo zimachedwa kwambiri. Pa 21 December 2024, mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo Joe Biden adasainira lamulo la American Relief Act, lomwe lidapatula madola pafupifupi 21 biliyoni othandizira alimi omwe adakhudzidwa ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi mu 2023 ndi 2024. Komabe alimi adayamba kulembetsa pa gawo lalikulu la ndalamazi mu July 2025, patatha miyezi yoposa isanu ndi inayi chichitikire ngoziyo, mbewu za chaka china zili kale m'munda.

Oyamba kulandira anali alimi omwe anali ndi inshulansi ya mbewu, chifukwa boma linali kale ndi zikalata zosonyeza zomwe adataya. Omwe analibe inshulansi, omwe ambiri mwa iwo amakhala a minda ing'onoing'ono, adadikira mpaka kumapeto kwa chakacho. Ndondomekoyi idakondera yemwe anali wotetezeka kale, ngakhale kuti pali chifukwa chomveka: ndalama za misonkho sizituluka popanda umboni. Aliyense wolandira thandizoli amalonjezanso kugula inshulansi ya mbewu zake kwa zaka ziwiri zotsatira, ndipo akalephera kutero amabweza ndalamazo ku boma.