Malamulo oletsa kuba galimoto m'Malawi

Malamulo oletsa kuba galimoto m'Malawi ndi malamulo omwe amalanga wakuba galimoto, woilandira ndi woigulitsa, komanso omwe amafuna kuti galimoto iliyonse ikhale ndi mwini wake wodziwika m'kaundula wa boma. Ambiri mwa malamulowa ali mu Penal Code, lomwe ndi lamulo la milandu ndi zilango, ndi mu Road Traffic Act ya 1997.

Milandu ndi zilango

Gawo 278 la Penal Code limapereka chilango cha zaka 5 kundende pa mlandu wamba wakuba. Kulanda galimoto moopseza ndi mlandu wina wokulirapo: pansi pa gawo 301, munthu yemwe walanda ali ndi chida choopsa, ali m'gulu, kapena wavulaza mwini wake, angathe kukhala m'ndende moyo wake wonse. Gawo 328 likunena za wolandira kapena kusunga katundu akudziwa, kapena ali ndi chifukwa choganizira, kuti ngwakuba, ndipo chilango chake chimafika zaka 14. Gawo limeneli ndi lomwe limakola ogula ambiri. Mtengo wotsika mosayenera, kapena wogulitsa yemwe akuzemba kuonetsa mapepala, ndi zinthu zomwe khothi lingaone kuti zinayenera kumudzidzimutsa wogulayo.

Kalembera ndi ziphaso

Galimoto imadziwika ndi nambala ya chesisi ndi ya injini. Nambala ya kutsogolo ndi kumbuyo, monga ija yoyamba ndi SA ya ku Salima, imamasulidwa ndi sipanala basi, koma ya chesisi inadindidwa pachitsulo, ndipo akuba amachita kuipala kapena kuwotchererapo ina. N'chifukwa chake apolisi amayendera nambalazi galimoto isanalembetsedwe.

Nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services imasunga kaundula pa makina a kompyuta otchedwa MalTIS, ndipo imapereka chiphaso cha umwini chomwe anthu amangoti bulubuku. Galimoto yochokera kunja imayenera kulipiridwa msonkho ku Malawi Revenue Authority, kenako kulandira chilolezo cha apolisi. Wogula galimoto kwa mnzake akuyenera kusinthitsa dzina la mwini. Ambiri amangolemberana kalata pamaso pa mboni n'kumayenda ndi bulubuku la dzina la wina. Kalatayo siteteza wogula ngati galimotoyo ipezeka kuti njakuba: apolisi amaigwira ngati umboni, ndipo ndalama zake amakazifuna kwa wogulitsa, ngati angamupeze.

Mgwirizano ndi mayiko ena

Galimoto zobedwa ku South Africa zimaolotsedwa kudzera ku Zimbabwe ndi Mozambique, zina n'kuthera m'Malawi. Mu 1995 akuluakulu a apolisi a kumwera kwa Africa anakhazikitsa bungwe la SARPCCO ku Victoria Falls, ndipo limagwira ntchito ndi ofesi ya Interpol ya ku Harare. Galimoto yokalembetsedwa m'dziko lina la m'chigawochi imafunika chiphaso cha SARPCCO chotsimikiza kuti sinalembedwe kuti inabedwa. Interpol nayo ili ndi kaundula wa galimoto zobedwa padziko lonse yemwe apolisi amafufuzamo.

Ku Salima ndi m'mbali mwa nyanja

Salima ili pomwe msewu wa M14 wochokera ku Lilongwe umakumana ndi wa M5 wa m'mbali mwa nyanja, wolowera ku Nkhotakota kumpoto ndi ku Balaka kumwera. Pa malodibuloko a m'misewuyi apolisi amafunsa laisensi, inshuwalansi ndi mapepala a galimoto.

Pomwe malamulowa amafooka ndi pa njinga zamoto za kabaza, zomwe zimanyamula anthu ndi nsomba pakati pa tauni ya Salima, Senga Bay ndi Chipoka. Pamaso pa lamulo njinga yamoto ndi galimoto, ndipo iyenera kulembetsedwa. Koma zambiri zimayenda zopanda nambala, zina zitalowa m'dziko mozemba msonkho. Njinga yotere ikabedwa, mwini wake amasowa umboni woti njake, ndipo akuba amaiphwasula n'kugulitsa zipangizo zake chimodzichimodzi.