Bilimankhwe wa ku Kadango

Ife a ku Mangochi tidaleredwa ndi nthano za Kalulu, tsono sindidabwa kuti anthu atatsekedwa pakamwa, nyama ndizo zidatiyankhulira. Boma la Dr Banda lidaletsa Animal Farm, buku la George Orwell la 1945, lonena za nkhumba zimene zidalanda ufulu wa ziweto zinzake. Kodi akuluakulu aja ankaopa nkhumba? Iyayi, adadziona pakalilole.

Mu 1981 Jack Mapanje, mwana wa kwa Kadango konkuno, adatulutsa ndakatulo za Of Chameleons and Gods, nabisala m'mafanizo ngati bilimankhwe. Mu 1985 bukulo adalichotsa m'masitolo. Mu 1987 adam'tsekera ku Mikuyu osam'zenga mlandu, natuluka mu 1991. Mafanizo adabisa mau, koma mwini mauwo adam'peza ndithu.